NYALI YA INJINI IKAYAKA PA NJINGA YAMOTO: TIFUFUTE KAPENA TIYAMBE TAMVETSERA?

Tsiku lina m'mwezi wa Juni, chiperoni chitaphimba phiri la Mulanje kotero kuti ngakhale minda ya tiyi yapafupi sinkaoneka, mwana wa mlongo wathu adafika pakhomo pathu akukankha njinga yamoto. Mnyamatayu amachita kabaza pakati pa Chitakale ndi Limbuli, ndipo njingayo, ya mtundu wa Honda, adali ataigula miyezi iwiri yokha m'mbuyomo kwa bambo wina amene adabwera nayo kuchokera ku Joni. Ndalama yogulira idali ngongole ya banki m'khonde imene mkazi wake adatenga, kuphatikizapo ya mbuzi zitatu zimene mayi ake adagulitsa.

"Amalume," adatero titapatsana moni, "njinga ija yayamba kuphethira diso. M'mawa ikumavuta kulira, ndipo kanyali kachikasu aka kakumayaka, pena n'kuzima. Anzanga pa siteji akuti ndichotse batire usiku wonse, kukamacha zonse zikhala zitafufutika. Wina akuti ndingomatapo tepi yakuda kuti okwera asamachite mantha."

Ife si amakaniko, ndipo tidamuuza choncho. Koma malangizo onse awiri tidawakana, pakuti akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo kanyali kaja kadali kumutsina khutu mnyamatayo. M'mawa mwake tidapita naye kwa mmisiri wina wachikulire wa pa boma amene amasunga buku la njinga za mtunduwu. Zimene tidaphunzira kumeneko, pamodzi ndi zimene takhala tikuwerenga kuyambira tsikulo, taona kuti n'kofunika kugawana nanu owerenga athu. Tikudziwa kuti ku Mangochi, ku Makanjira, ku Salima ndi ku Nkhotakota njinga yamoto yasanduka khasu la mabanja ambiri. Ndiyo imathamangitsira usipa ndi chambo kumsika zisanaonongeke, ndiyo imalipira fizi, ndiyonso imanyamula mayi woyembekezera pakati pa usiku kupita naye kuchipatala. Njinga ikagona, poto nayenso amagona.

NJINGA ZA KABULETA NDI NJINGA ZA KOMPYUTA

Kuti injini ilire pamafunika zinthu zitatu: mpweya, petulo ndi moto wa pulagi. Mpweya ndi petulo ziyenera kusakanizidwa pa muyeso wake, magawo pafupifupi 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo tikayeza kulemera kwake. Petulo akachuluka injini imafuka utsi wakuda ndi kudya ndalama. Akachepa imatentha ndi kutsokomola.

Pa njinga zambiri za kabaza zimene timaziona m'misewu yathu, monga Boxer, Lifo ndi King Lion, ntchito yosakanizayi imagwiridwa ndi kabuleta. Njinga zotere zilibe manambala a vuto, ndipo mmisiri amazikonza ndi khutu, mphuno ndi sikuludiraiva. Ngati yanu ndi yotero, nkhani ino muisunge, pakuti mwina njinga imene mudzagule mtsogolo idzakhala ya mtundu winawu.

Mtundu winawu ulibe kabuleta. M'malo mwake muli kabokosi ka kompyuta kotchedwa ECU, pampu ya m'thanki, ndi injekita imene imapopera petulo mu injini ngati nkhungu. Kampani ya Kawasaki idatulutsa njinga yotere mu 1980, ndipo Honda idatsatira mu 1982 ndi njinga yaikulu ya CX500 Turbo. Mu 2003 Honda idaika njira yakeyi, yotchedwa PGM-FI, pa kanjinga kakang'ono ka Wave 125i ku Thailand. Kenaka malamulo ochepetsa utsi adakankha makampani onse: ku Ulaya kuyambira mu 2016 njinga zatsopano zidayenera kumadziyeza zokha ndi kuyatsa nyali zikapeza vuto, ndipo dziko la India lidakhwimitsa malamulo ake mu Epulo 2020. N'chifukwa chake njinga zina zimene ana athu akubwera nazo kuchokera ku Joni, ndi zina zimene mabungwe amagulitsa zikatha ntchito, zili ndi kanyali kojambulidwa injini kapena kolembedwa FI.

Ubwino wake ulipo. Njinga yotere imamwa petulo pang'ono, ilibe choko, ndipo imadzisintha yokha mukachoka m'mbali mwa nyanja n'kukwera mapiri a Chowe kupita ku Namwera, kumene mpweya umapepukirako. Koma walira mvula walira matope: njinga ya kompyuta imafuna batire labwino, mawaya ouma ndi petulo woyera.

KODI NYALIYI IMANENA CHIYANI?

Kompyuta ya njinga ilibe maso. Imadalira tizida totchedwa masensa, timene timaitumizira uthenga kudzera m'mawaya opyapyala oyenda magetsi ochepa, mavoti 5 okha pa masensa ambiri. Pali sensa yoyeza kutentha kwa injini, yoyeza kutentha kwa mpweya wolowa, yoyeza mphamvu ya mpweyawo, yoona mmene mwapotokolera chogwirira chopatsira moto, yowerenga kuzungulira kwa injini, yonunkhiza utsi mu ekizozi, ndi ina yozindikira kuti njinga yagwa kuti izimitse injini.

Mukatsegula kiyi, mumamva pampu ikung'ung'udza kwa masekondi pafupifupi awiri, kanyali n'kuyaka pang'ono kenaka n'kuzima. Kumeneko n'kudziyeza, si vuto ayi. Vuto ndi pamene kanyaliko kakana kuzima, kapena kayaka muli paulendo. Pamenepo uthenga wa sensa ina sukufika bwino, ndipo kompyuta yachita zinthu zitatu: yayatsa nyali, yalemba nambala ya vutolo m'chikumbumtima chake, ndipo ngati n'kotheka yayamba kuyendetsa injini mongoyerekeza kuti mukafike kunyumba.

Tiyerekeze ndi buku la kuchipatala. Mwana akadwala malungo, adokotala amalemba m'bukumo. Kodi mayi atang'amba tsamba lija, malungo atha? Ayi ndithu. Chimene chatayika ndi mbiri imene ikadathandiza adokotala ena mawa. Kufufuta nambala ya vuto musanakonze chovutacho n'chimodzimodzi kung'amba tsamba la m'bukumo.

Chinanso chofunika kuchigwira ndi ichi: nambala simanena kuti sensa yafa. Imangonena kuti pa njira ya sensayo pali chovuta. Chingakhale waya woduka, soketi yolowa madzi, batire lofooka, kapena sensa imene. Ambiri ataya ndalama zogulira sensa yatsopano ku Limbe pamene vuto lidali dzimbiri la pa soketi.

KUWERENGA KUPHETHIRA KWA NYALI

Pa njinga zambiri za Honda ndi Yamaha, nyali yomweyo ndiyo imakuuzani nambala. Imikani njinga pa sitandi, tsegulani kiyi, ndipo khalani chete ndi pensulo m'manja. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nyali ikayaka motalikirapo, kwa sekondi imodzi kapena kupitirira pang'ono, werengani 10. Ikaphethira mwachangu, werengani 1. Motero kuyaka kotalika kumodzi ndi kuphethira kuwiri ndi 12. Kotalika kuwiri ndi kuphethira kumodzi ndi 21. Kuphethira kasanu n'kawiri popanda kotalika ndi 7. Ikamaliza imapuma pang'ono n'kubwereza. Ngati mavuto ali angapo imawatchula motsatana, kotero werengani kawiri kapena katatu musanakhulupirire zimene mwalemba.

Pa njinga za Honda za PGM-FI manambala ofala ndi awa:

1: sensa ya mphamvu ya mpweya wolowa
7: sensa ya kutentha kwa injini
8: sensa ya chogwirira chopatsira moto
9: sensa ya kutentha kwa mpweya wolowa
12: injekita
21: sensa ya utsi mu ekizozi
33: chikumbumtima cha kompyuta imene
54: sensa yozindikira kugwa kwa njinga

Pa njinga za Yamaha manambala ndi ena: 12 ndi sensa yowerenga kuzungulira kwa injini, 15 ndi ya chogwirira chopatsira moto, 19 ndi switchi ya sitandi yam'mbali, 30 ndiye kuti njinga idagwa, ndipo 46 ndi magetsi ochajira batire. Njinga za Suzuki zimalemba manambala oyamba ndi C, ndipo C00 ndiye kuti palibe vuto.

Taonani kuti 12 ya Honda ndi 12 ya Yamaha ndi matenda osiyana. Musamwe mankhwala a mnzanu chifukwa choti nonse mutu ukupweteka. Funsani buku la njinga yanu, kapena mmisiri amene ali nalo.

Njinga ya mwana wa mlongo wathu idaphethira kasanu n'kawiri. Mmisiri uja adangogwedeza mutu nati, "Ndiye chifukwa chake ikukuvuta m'mawa, mwana wanga. Kompyuta sikudziwa kuti kunja kwazizira, ndiye sikuwonjezera petulo woti injini yozizira ilire." Atazula soketi ya sensayo tidaona tonse dzimbiri lobiriwira pa timano take.

ZIMENE ZIMAYATSA NYALI KUNO KWATHU

Choyamba ndi madzi. Boma la Mulanje ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'Malawi muno, ndipo mitsinje yotsika m'phiri monga Ruo, Lichenya, Likhubula ndi Thuchila imadzaza mwadzidzidzi. Namondwe wa Freddy atagumula misewu ndi milatho mu Malichi 2023, anyamata a kabaza ambiri ankaoloka ndi njinga m'madzi ndi m'matope chifukwa njira ina padalibe. Madzi akalowa mu soketi savuta tsiku lomwelo. Amadikira milungu ingapo kuti dzimbiri limere. Inu a kunyanja mulinso ndi mdani yemweyu. Kutsukira njinga m'nyanja, ndiponso madzi a nsomba odontha kuchokera m'dengu kulowa pansi pa mpando, zimadya mawaya pang'onopang'ono.

Chachiwiri ndi batire. Njinga ya kabuleta imatha kulira ndi kiki ngakhale batire litatheratu, koma ya kompyuta imasokonezeka magetsi akachepa. Batire lodzaza bwino limaonetsa mavoti 12.6 kapena kupitirira pang'ono injini ili yozima, ndipo injini ikamalira liyenera kuonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.5. Kamita koyezera magetsi kamapezeka m'masitolo a zamagetsi, ndipo kamagwiranso ntchito pa batire la sola pakhomo. Nthawi zina vuto limangokhala bawuti ya pa batire imene yamasuka ndi mabampu.

Chachitatu ndi manja athu omwe. Achinyamata amakonda kuwonjezera wailesi, magetsi amitundumitundu ndi pochajira foni, ndipo amasenda waya aliyense amene ali pafupi. Akasenda waya wa sensa, kompyuta imalandira uthenga wabodza. Chowonjezera chilichonse chizitenga magetsi ku batire kudzera pa fyuzi yakeyake.

Chachinayi ndi makoswe. Ambiri timagoneka njinga m'nyumba poopa akuba, nthawi zina m'chipinda chomwecho muli matumba a chimanga kapena mpunga. Khoswe amene wabwerera chimanga sasiya waya.

Chachisanu ndi petulo. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi mafuta ochokera ku nzimbe otchedwa ethanol. Ntchitoyi idayamba mu 1982 ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, ndipo fakitale yachiwiri idatsegulidwa ku Chikwawa mu 2004. Mafutawa ndi abwino, koma amakoka chinyezi, kotero petulo wosungidwa nthawi yaitali m'chigubu chosatseka bwino amakhala ndi madzi. M'zaka za 2022 mpaka 2024, pamene mizere ya pa malo omwetsera mafuta inkatalika, ambiri tidazolowera kugula petulo wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, wina wochokera kutsidya kwa malire ku Milange. Timabowo ta injekita ndi tating'ono kuposa diso la singano, ndipo kamchenga kochepa kangatitseke. Dziwaninso kuti petulo wakuda kawirikawiri amatsokomoletsa njinga popanda kuyatsa nyali, chifukwa kompyuta ya njinga zazing'ono simayeza mphamvu ya petulo. Nyali ikakhala yozima sindiye kuti zonse zili bwino. Sefani petulo pa nsalu yoyera, ndipo musamayende mpaka thanki iume, pakuti pampu imaziziritsidwa ndi petulo yemweyo.

KUFUFUTA NAMBALA PAKHOMO

Tsono tifike pa funso limene mnyamata uja adabwera nalo. Kuchotsa batire usiku wonse sikuthandiza pa njinga zambiri, chifukwa nambala imalembedwa m'chikumbumtima chosafuna magetsi. Ndipo vuto likadalipo, nyali imayakanso mukangotsegula kiyi, ngakhale mutafufuta kakhumi. Ndondomeko yoyenera ndi iyi: werengani, lembani, konzani, kenaka fufutani.

Pa njinga ya mlendo wathu kukonza kudali kophweka. Mmisiri adazimitsa kiyi, adazula soketi pogwira mutu wake osati waya, adapala dzimbiri ndi kaburashi, adapopera mankhwala otsukira zamagetsi, nadikira kuti iume, ndipo adaibwezera mpaka idamveka kuti "tche". Atatsegula kiyi nyali idazima yokha. Koma nambala 7 idatsalabe m'chikumbumtima, ndipo idafunika kufufutidwa kuti tsiku lina isadzasokoneze wofufuza vuto latsopano.

Pa njinga zambiri za Honda za PGM-FI muli soketi yosalumikizidwa ku kanthu, kawirikawiri yofiira ya mabowo anayi, yovundikiridwa pansi pa mpando kapena pafupi ndi batire. Imatchedwa DLC. A kampani ali ndi kachida kake kolumikizira mabowo awiri a soketiyi, ndipo amisiri ambiri amagwiritsa kawaya kakafupi. Pa njinga zambiri mabowo ake ndi a waya wa bulawuni ndi wobiriwira, koma mitundu imasiyana, ndipo limodzi mwa mabowo enawo lili ndi magetsi a batire. Mukalumikiza molakwika mungaotche fyuzi kapena kompyuta imene, yomwe ndi yokwera mtengo ndiponso yovuta kupeza. Safunsa adadya phula. Muone kaye m'buku kapena mmisiri akulozereni ndi chala ulendo woyamba. Mukatsimikiza, chitani motere:

1. Imikani njinga panja pamalo ouma, zimitsani kiyi, ndipo onani kuti switchi yofiira yozimitsira injini ili poti injini ingalire.

2. Lumikizani mabowo awiri aja, kenaka tsegulani kiyi koma osaliza injini. Nyali ikangoyaka osaphethira, m'chikumbumtima mulibe kanthu. Ikamaphethira, ikukuwerengerani manambala akale. Alembeni m'kope pamodzi ndi tsiku ndi makilomita a pa wotchi.

3. Kiyi ali chitsegulire, zulani kawaya kaja. Nyali iyaka kwa masekondi pafupifupi 5.

4. Nyali isanazime, bwezerani kawayako m'mabowo omwe aja. Ikazima n'kuyamba kuphethira mwachangu mosalekeza, nambala yafufutika. Mukachedwa, zimitsani kiyi n'kuyambiranso.

5. Zimitsani kiyi, chotsani kawaya, vundikirani soketi bwinobwino kuti madzi asalowe.

6. Lizani injini, yendani mtunda wokwanira kuti itenthe, makamaka pa msewu wa mabampu, ndipo muonenso nyali m'mawa mwake injini ili yozizira.

Nyali ikapanda kubwerera, mwachiza. Ikabwerera ndi nambala yomweyo, chovuta chikadalipo, ndipo kufufutanso n'kudzinamiza. Njira imeneyi ndi ya Honda yokha. Pa njinga zina zazikulu za Yamaha amafufutira pa mabatani a pa wotchi, pamene zina zimafuna makina a kampani. Musayese njira ya njinga ina pa njinga yanu.

NJINGA ZATSOPANO KWAMBIRI

Njinga zambiri zopangidwira msika wa ku Ulaya m'zaka zaposachedwa siziphethira nambala, nyali imangoyaka. Izi zimafuna kamakina kowerengera kotchedwa sikana, konga kamene amayezera magalimoto. Njira imeneyi, yotchedwa OBD-II, idakhala lamulo pa magalimoto a ku America mu 1996, ndipo pambuyo pake idafika pa njinga. Soketi ya galimoto ili ndi mabowo 16, kotero pa njinga pamafunika chingwe cholumikizira. Njinga zotsatira malamulo a ku Ulaya a 2020 zili ndi soketi yofiira ya mabowo 6. Masikana ena ang'onoang'ono amatumiza manambala pa foni.

Manambala ake amayamba ndi chilembo P, ndipo ambiri ndi ofanana pa makampani onse. Mwachitsanzo P0117 ndi P0118 ndi za sensa ya kutentha kwa injini, ndipo P0562 ndi magetsi ochepa. Pa njinga zotere, mukakonza vuto nyali kawirikawiri imazima yokha mukayenda maulendo atatu popanda chovuta. Sikana si chida choti munthu aliyense agule yekha. Anyamata a pa siteji imodzi angasonkhe n'kugula imodzi, n'kusankha mmodzi woti aphunzire kuigwiritsa, pakuti mutu umodzi susenza denga. Makolo amene muli ndi mwana wokonda zitsulo, ganizirani zomutumiza ku sukulu za ntchito zamanja monga Nasawa ku Zomba kapena Soche ku Blantyre, zimene maphunziro ake amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999. Amisiri a kabuleta ndi ambiri pa msika uliwonse, koma odziwa magetsi a njinga za kompyuta akadali osowa.

POMWE MUYENERA KULEKERA

Pali zina zosayenera kuyesa pakhomo. Nambala ikaloza kompyuta imene, monga 33 pa Honda kapena 44 ndi 50 pa Yamaha, pitani kwa mmisiri. Ngati njinga idagulidwa yatsopano ndipo nthawi ya chitsimikizo cha ogulitsa sinathe, ibwezereni kwa iwo nambala ili chikhalire, pakuti ndiyo umboni wanu. Musasokoneze nyali yachikasu ya injini ndi nyali yofiira ya oyilo kapena ya kutentha. Yofiira ikayaka, imani pomwepo n'kuzimitsa injini, ngakhale wokwera adandaule.

Musazule paipi ya petulo mwachisawawa. Pampu ya njinga zotere imakankha petulo ndi mphamvu yoposa ya mpweya wa m'tayala, ndipo angakuthovukireni m'maso. Ntchito iliyonse ya pa njinga ichitikire kutali ndi mbaula, koloboyi ndi ana. Komanso musalize injini m'nyumba yotseka, ngakhale kunja kuli chiperoni kapena mwera wozizira. Utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umagoneka munthu tulo tosadzuka.

Nyali ikayaka muli paulendo koma injini ikuyenda bwino, chepetsani liwiro, kafikeni, ndipo muwerenge nambala tsiku lomwelo. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Njinga imene ikuvuta kulira m'mawa lero ndi yomweyo idzakana kulira usiku umene mnansi adzagogoda pachitseko kuti mkazi wake matenda ayamba.

POGULA NDI POGULITSA

Nkhani ya mwana wa mlongo wathu sidathere pa soketi. Pofufuza pansi pa mpando, mmisiri uja adapeza kawaya kopinda kale bwino, komangiriridwa pafupi ndi soketi yofiira. Tidatenga akuluakulu awiri n'kupita kwa bambo amene adagulitsa njinga uja. Poyamba adakana, koma ataona kawayako adavomera kuti vutolo ankalidziwa. Ankati nyali ikayaka amagwedeza waya mpaka izime, ndipo tsiku logulitsa adafufuta mbiri yonse kuti wogula asapeze kanthu. "Ndimaopa kuti mutsitsa mtengo, achimwene," adatero akuyang'ana pansi.

Chotimvetsa chisoni n'chakuti vuto limene adabisalo lidatha ndi kaburashi ndi mankhwala opopera. Akadanena poyera, mwina mtengo ukadatsika pang'ono, mwinanso ayi. Koma chifukwa chobisa, mnyamata adataya okwera a m'mawa kwa milungu iwiri, mkazi wake adachedwa kubweza ku banki m'khonde nalipira chindapusa, ndipo m'nyumbamo mudayamba kusowa mtendere. Bambo uja adabweza ndalama ya mmisiri ndi ya chindapusa pamaso pa akuluakulu, koma pa siteji ya Chitakale mbiri yake idamveka, ndipo si ambiri amene angagulenso kanthu kwa iye. Tonse tidaleredwa ndi chiphunzitso choti wogulitsa aulule chilema cha malonda ake, kaya ndi mbuzi yotsimphina kapena bwato lothonya. Njinga ya kompyuta sidasinthe lamulo limeneli. Kufufuta nambala mutakonza ndi ukhondo. Kufufuta kuti mubise ndi chinyengo.

Inu ogula, chitani izi. Pitani m'mawa, ndipo gwirani injini kuti mutsimikize kuti ndi yozizira, pakuti wogulitsa wochenjera amaitenthetsa musanafike. Tsegulani kiyi nokha n'kuona ngati kanyali kakuyaka kenaka n'kuzima. Ngati sikakuyaka n'komwe, mwina wina adazula babu kapena kudula waya wake. Yendani nayo mtunda wotalikirapo pa msewu wafumbi. Kwezani mpando muone ngati mawaya ali omatamata ndi tepi. Tengani mmisiri wanu, osati wa wogulitsa, ndipo mugwirizane pamaso pa mboni za chimene chidzachitike vuto lobisika likaoneka m'masiku oyambirira.

Ndipo inu amayi, musaone ngati nkhani ino ndi ya abambo okha. Kawirikawiri ngongole ya njinga imakhala m'dzina lanu. Mukaona kanyali kachikasu kakuyaka pamene bambo kapena mwana akutulutsa njinga m'mawa, funsani kuti kakuphethira kangati. Mkazi wa mnyamata uja ndiye amasunga kope tsopano. Patsamba loyamba adalemba tsiku, makilomita, nambala 7, ndi mawu akuti soketi idatsukidwa. M'munsi mwake akulembamo masiku osinthira oyilo ndi ndalama za petulo. Titamuchezera posachedwa adatiuza kuti ngongole yatsala pang'ono kutha, ndipo kanyali kaja sikadayakenso.